Chinangwa Chomwe Ndinavuula Msanga

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mwayamba timabizinesi kukhitchini kwanu, ndimvereni. Ine ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi manja angawa. Palibe anandilodza. Linali phuma langa ndi kudzimva basi.

Ndimakhala kwa Maganga, m'mbali mwa nyanja, koma kwathu ndi kumtunda, kumene chinangwa timangochidziwa chophika chomwera tiyi. Poyamba ndinkakazinga mandasi. Ufa wa tirigu utakwera mtengo, mandasi anga anachepa mpaka makasitomala ankandifunsa ngati ndi mankhwala omezera madzi. Zinandiwawa, ndipo ndinayamba kuyesa zina. Ndinasakaniza ufa wa chinangwa, nsinjiro ndi nthochi zakupsa, n'kuphika mumphika, makala pansi ndi pamwamba ngati chigumu. Zoyamba ngakhale galu anazinunkhiza n'kuchokapo. Sindinagwe ulesi mpaka ndinatulutsa timabisiketi tokoma, tosawonongeka msanga. Asodzi anatikonda chifukwa ankatitenga popita panyanja. Posakhalitsa anthu anayamba kunditchula Mayi Bisiketi, ine mutu n'kukula.

Nthawi yonseyi ndinkagwiritsa ntchito manyokola, chinangwa chosawawa chija. Ndiye mayi wina wa shopu m'tauni ya Salima analawa mabisiketi anga n'kunena kuti akufuna makatoni odzaza pofika Loweruka. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe. Manyokola anali atasowa, choncho ndinagula gomani, chinangwa chowawa, kwa a Asiyatu oyandikana nawo nyumba, amene amalima chinangwa cha kondowole. Anandiuza kuti ndichisende, ndichiviike m'madzi mpaka chifewe chomanyenyeka m'zala, chifukwa ululu wake umatuluka ndi madziwo. Anawonjezera kuti nyengo ya mwera madzi amazizira, ndiye chimachedwa kufewa.

Masiku ankapita, Loweruka likuyandikira. Ndikapisa dzanja mudiramu, chinangwa chili gwa! Ndinachivuula choncho, n'kuchiduladula tizidutswa kuti chiume msanga. A Asiyatu anandipeza ndikuyanika pamphasa. Anatola kachidutswa, n'kukakanikiza ndi chala.

"Amake Tadala, ichi sichinafike. Walayi, bwezerani m'madzi."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinawayankha kuti iwo adziwe za kondowole, za mabisiketi andisiyire mwini wake, moto wa makala upha zonsezo. Anangopukusa mutu n'kubwerera kwawo.

Chitauma ndinakagayitsa. Pokanda ndinalawa, ndipo kunsonga kwa lilime ndinamva kakuwawa. Inu owerenga, apa ndi pamene ndimadzida kwambiri. M'malo motaya, ndinawonjezera shuga. Mabisiketi anatuluka ofiirira bwino, okongola kuposa onse amene ndinaphikapo. Loweruka m'mawa ndinalongedza, wakabaza n'kunyamula makatoni ulendo wa kutauni. Mabisiketi onyenyeka otsala ndinamupatsa Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anali atangoyamba sukulu chaka chomwecho. Chifukwa chotanganidwa sindinamuphikire phala, ndiye anadya mbale yonse m'mimba muli mbee.

Dzuwa lisanafike pamutu anabwera kuchokera kosewera atagwira mutu, akuti chilichonse chikuzungulira. Anayamba kusanza. Poti aimirire anadzandira ngati woledzera n'kugwa pakhonde, akupuma mofulumira. Ndinakuwa. Woyamba kufika anali a Asiyatu omwe ndinawanyoza aja. Anaitana njinga yamoto, tinakwera tonse, mwana ali pakati pathu, mutu wake ukungogwera uku ndi uku.

Kuchipatala anamwino anandifunsa kuti mwanayu wadya chiyani. Ndinatembenuka. Pabenchi panali amayi a kwa Maganga komweko, ena mwa iwo makasitomala anga, makutu ali tcheru. Ndinaganiza za dzina langa, za shopu ija, za mmene nkhani imayendera kudooko. Mwana wanga ali lefu pamiyendo panga, ine ndinayankha kuti kaya, mwina ndi malungo.

Anamubaya chala kuti ayeze, n'kutiuza kuti tidikire zotsatira. Tinakhala. A Asiyatu ankangondiyang'ana, ndipo maso awowo ankandiwotcha. Ndinayang'ana kumbali. Kenaka Tadala anagwedezeka thupi lonse, maso n'kutembenuka, dzanja lake limene linagwira chitenje changa n'kumasuka. Ndinamuitana, osayankha.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangomva mawu anga akudzaza chipinda chonse: "Si malungo! Wadya mabisiketi a chinangwa chowawa chosaviika bwino! Ndaphika ndine!"

Anamwino anandilanda mwana n'kuthamanga naye mkati. Adokotala atabwera anandikalipira kuti ndawatayitsa nthawi, kenaka anafunsa kumene kuli mabisiketi ena. Apo m'pamene ndinakumbukira makatoni aja. Ndinaimba foni kushopu pamaso pa anthu onse. Mayi wa shopu anali atangotsegula katoni yoyamba, akuyala pashelefu. Ananditukwana mpaka foni inatentha, ndipo mawu onsewo anandiyenera.

Tinachezera pambali pa bedi, mwana ali padiripi. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, a Asiyatu nawonso akupemphera mwa chipembedzo chawo. Tsiku lotsatira Tadala anatsegula maso n'kupempha madzi. Ndinalira ngati pamaliro.

Bizinesi inafera pomwepo. Kudooko anthu ankandilozerana ndi milomo, ndipo dzina lija la Mayi Bisiketi linasanduka chitonzo. Zimenezo ndinapirira, chifukwa ndinaziputa ndekha.

Amayi anzanga, sindikukuletsani kuyesa zatsopano. Yesani, njala siithawidwa ndi manja opinda. Koma chinthu cholowa m'mimba mwa munthu musachithamangitse chifukwa cha oda. Ngati nthawi yachepa, uzani kasitomala kuti simukwanitsa. Adzakwiya lero, mawa adzabweranso. Mukagwira chinthu chimene simunakule nacho, mverani amene amachidziwa, ngakhale atakhala kuti bisiketi sanaphikepo. Lilime likakuuzani kuti pali vuto, musalitseke ndi shuga. Ndipo zikavuta, nenani zoona kuchipatala nthawi yomweyo. Manyazi saika munthu m'manda, koma bodza langa lija likanamuika mwana wanga.

Pano ndayambiranso pang'onopang'ono, ndi manyokola okhaokha, ndipo asodzi ena abwerera. Tadala anachira, amathamanga ngati anzake. Koma mpaka lero, ndikamupatsa chilichonse chimene ndaphika, amabisa manja kumbuyo n'kundiyang'ana m'maso.

"Amayi, yambani mwadya inuyo."

Ndimadya, iye akundiyang'ana pakhosi mpaka ndimeze.