Ndowa Imodzi ya Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, anthu amamutcha Chikolopa, ndipo dzinalo ndinamupatsa ndine. Zaka makumi awiri ndi zitatu wakhala akukolopa m'zipinda zogona ana a sukulu, mpaka msana unapindika ngati chogwirira cha ambulera. Ana sawadziwa ndi mayina, amawadziwa ndi matope: awa ndi a mpira, awa ndi othamanga, awa ndi auve chabe.

Atayamba kumanga hositelo yatsopano yofikiramo magulu a sukulu ndi matimu a masewera, a komiti anamulonjeza kuti woyang'anira ukhondo adzakhala iyeyo. Mabedi makumi asanu ndi limodzi, mawindo aakulu ngati zitseko, matailosi oyera mbee. Ine ndinati, "Mlamu, wakwera. Uzikolopa utavala magalasi."

Sanaseke. Anali atasuzumira kale m'mabafa.

"Alamu, kabowo kotulukira madzi akaika kumtunda, khomo lili kumunsi. Madzi amakwera phiri?"

Anakauza kapitawo. Kapitawo anati iye amangotsata pulani. Anakauza wojambula pulaniyo, bambo wa nsapato zosongoka, ndipo anamuyankha kuti, "Amayi, izi n'zamasamu. Inu dikirani tikugulireni chikolopa chatsopano."

Tsiku loyendera nyumbayo, a komiti atadzaza m'khonde, mlamu anatulukira ndi ndowa yodzaza. Ine pambuyo, poti zoterezi sindiphonya.

"Bwana wamasamu, taimani pakhomopo."

Anakhuthula ndowa yonse pakati pa bafa. Madzi anakayang'ana kabowo kaja, n'kukafulatira, n'kuthamangira pakhomo, kudutsa pa nsapato zosongoka zija mpaka kunsi kwa bedi loyamba.

"Iyo ndi ndowa imodzi!" anakuwa mlamu. "Nanga ikabwera timu ya anthu makumi atatu, matope mpaka m'makutu? Azikolopa ndani? Masamu anuwo? Msana uwu ndi wanga, sindinabwereke!"

Wapampando anatsokomola. Wojambula anali kalikiliki kupukuta nsapato ndi kampango.

Matailosi anawaswa m'mabafa onse asanu ndi limodzi, pansi n'kupendeketsa bwino. Lero madzi amapita okha kukabowo ngati ana omvera. Koma ntchito ya woyang'anira ukhondo ija anapatsa wina. Akuti mlamu alibe ulemu pamaso pa akuluakulu.

Apa ndiye ine nthabwala zimandithera. Ulemu wake uti? Munthu wakupulumutsirani nyumba ndi ndowa imodzi, inu kuthokoza kwake n'kumutsekera geti? Amene ali pa ntchitoyo lero sadziwa n'komwe kuti pansipo pamauma chifukwa cha ndani.

Mlamu anabwerera kuzipinda zakale zija, zodontha denga. Dzulo ndinadutsako, n'kumuputa kuti akanatseka pakamwa bwenzi ali pabwino.

"Pabwino pake m'chithaphwi?" anatero, akufinya chikolopa ngati khosi la munthu. "Chotsani mapazi, alamu, mwaponda pokolopa."