Denga la Mkamwini

M'mudzi mwathu, kumunsi kwa phiri la Chiradzulu mbali yopenya ku Nguludi, nyumba ya malata inali imodzi yokha, ndipo inali yathu. Ine ndinkadzitama nayo mopanda manyazi, mpaka anzanga kusukulu anasiya dzina langa la Lusiya n'kumanditchula Namalata. Mvula ikagwa, anthu ena ankathamanga ndi mabeseni kutchera madontho m'nyumba zawo, pamene ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yohane tinkangogona chagada kumvetsera phokoso la padenga, tikuyankhulana mofuula ngati ogontha.

Bambo anali kalipentala, mkamwini wochokera ku Milepa. Anabwera kwa amayi ndi njinga, bulangete ndi bokosi la zipangizo, monga amabwerera mwamuna aliyense kwathu kuno, kumene malo ndi ana ndi za kuchikazi. Njerwa anaumba okha, amayi akutunga madzi. Malatawo anagula limodzilimodzi ku Limbe, n'kumabwera nalo lopinda, lomangidwa pa kaliyala, iwo akukankha njinga m'zitunda thukuta lili kamukamu. Pakhomo pathu pankanunkhira mapalo a mbawa chaka chonse, ndipo nkhuku zathu zinkaikira mazira m'mulu wa utuchi.

Ndili sitandade 5 amayi anadwala, nakagonekedwa kuchipatala cha mishoni ku Nguludi. Owadikirira anali mng'ono wawo, mayi aang'ono a Feliya, ndipo ine ndinkapititsa chakudya ndikaweruka. Masana ena ndikusenda lalanje pafupi ndi bedi, amayi anagwira dzanja la a Feliya nati, "Feliya, bambo a anawa asadzachoke pakhomo paja. Nyumba ija ndi yawo ndi ana. Ukawauze achimwene." Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhani wamba za akuluakulu, ndipo chimene chinkandidetsa nkhawa n'chakuti amayi anakana lalanjelo. Sanachedwe kutisiya.

Achimwene awo amene ankanenawo anali atsibweni anga a Dayimoni, mwini mbumba, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Titakolola, anaitanitsa abale a mbali zonse kuti adzasudzule bambo. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ife ana tikusuzumira pawindo.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe amene akudandaula," anatero atsibweni. "Koma chimene chinakubweretsani kuno chapita. Takumasulani. Bwererani kwanu, mukayambe moyo wina."

"Nanga anawa?" anafunsa bambo.

"Ana ali kwawo."

A Feliya anayesa kunena mawu a kuchipatala aja, koma atsibweni anati wodwala amayankhula zambiri. Tsiku limenelo ndinawada atsibweni ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndisakuwayankha moni. Lero ndimawamvetsa pang'ono. Malo kwathu kuno ndi ochepa, munda umene agogo ankalima okha unali utagawidwa kale kwa ana aakazi mpaka kutsala timizere. Atsibweni ankaopa kuti bambo, amene anali asanakalambe, adzabweretsa mkazi wina pamalo a mlongo wawo, ndipo ana a mkaziyo adzalimbirana nafe timizere tomweto. M'maganizo awo ankateteza ife, kungoti sanatifunse ngati tinkafuna kutetezedwa mwa njira imeneyo.

Bambo anachita chinthu chimene mkamwini anali asanachitepo m'mudzimo. Anakasuma kukhoti ku boma, kupempha kuti akhalebe m'nyumba yawo ndi ana awo. Nkhani inawanda ngati moto wa lupsa. Pamjigo azimayi ankangoti, "Mkamwini asamakule mwendo," ndipo akandiona ankatsitsa mawu mochedwa dala kuti ndimve.

Tsiku la mlandu kunatentha kwambiri. Atsibweni anabwereka jekete kwa mphunzitsi wina wamtali, manja ake ofika m'zala, ndipo njira yonse ankangoipinda. Bambo anavala shati yoyera imene ankapita nayo kutchalitchi. M'khotimo munkanunkha polishi ndi ndowe za mileme, ndipo benchi imene tinakhalapo inkagwedera. Ndinaona bambo akuigwira kunsi ndi dzanja kufufuza pamene panamasuka, monga ankachitira ndi mpando uliwonse.

Amene ndinawamvera chisoni kwambiri anali a Feliya. Anaima kutsogolo, mlongo wawo wamoyo akuwayang'ana, mawu a mkulu wawo wakufa ali pakamwa. Koma ananena zonse, osachotsa kapena kuwonjezera. Woweruza anawafunsa modekha ngati mawuwo analembedwa penapake, mboni n'kusaina. A Feliya anati ayi, ndani akanaganiza za pepala munthu akupuma movutika chonchija. Woweruzayo anati akuwakhulupirira, koma wilu ya pakamwa lamulo silingaigwire. Anagamula kuti malowo ndi a mbumba, ndipo khoti silingawapereke kwa bambo. Komabe thukuta lawo lisapite pachabe: abale a amayi awabwezere zimene anawononga pomanga, apo ayi bambo atenge zonse zimene zingachotsedwe, malata, zitseko ndi mawindo. Atsibweni analibe n'komwe koyambira kupeza ndalama zotero, ndiye anangoti, "Atenge malata awo."

Ndinatuluka m'khotimo ndisakudziwa kuti wapambana ndani. Ndinangomva kuti bambo akupita, dengalo likupita nawo, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri.

Patapita masiku ochepa, m'mawa, kunabwera mng'ono wa bambo, a Layisoni, ndi anyamata a ku Milepa atanyamula zingwe ndi njinga. Ife tinauzidwa kuti tisamutsire katundu wathu kukhitchini ya a Feliya. Anthu a m'mudzi anaima chapatali, ena akunamizira kuti akudutsa. Bambo anakwera makwerero amene anakhoma okha, hamala ili m'thumba lakumbuyo, nayamba kuzula misomali. Msomali ukamazuka m'lata umalira moipa, ndipo kulira kumeneko ndimakumvabe m'mano mpaka lero.

Ine ndinali m'chipinda chathu ndikupinda mphasa, Yohane atakhala pansi akudya mbatata yootcha. Mwadzidzidzi lata loyamba linanyamuka, fumbi ndi ukonde wa akangaude zinatigwera m'mutu, ndipo dzuwa linalowa mpaka pakona pamene tinkabisa timiyala ta phada. Yohane, amene anali ndi zaka zisanu, anaseka mosangalala, nakweza mbatata yake m'mwamba.

"Ababa, taonani, m'nyumba mwathu mwalowa dzuwa. Chotsaninso lina."

Bambo anatiyang'ana kuchokera pamwambapo, atagwada pa phaso. Sindikudziwa kuti anatiyang'ana nthawi yaitali bwanji. Kenaka anatembenukira kwa a Layisoni, amene anali atalandira kale latalo pansi.

"Layisoni, ndipatsenso latalo."

"Achimwene, khoti lakupatsani. Mupita kwathu chimanjamanja mutagwira ntchito zaka zonsezi?"

"Khoti landipatsa, ndiye kuti ndi anga. Ndichita nawo zimene ndikufuna."

Ataliyika m'malo mwake, anaimirira padengapo n'kuitana atsibweni, amene anali atakhala pachulu chapafupi. "Alamu, imvani pamaso pa anthu onsewa, popeza za pakamwa zimakanidwa. Denga ili, zitseko ndi mawindo ndawapatsa Lusiya ndi Yohane. Ine ndikupita, koma wina asadzakhudze msomali ngakhale umodzi." Atsibweni anangovula chipewa n'kumachiyang'ana. Bambo anawongola misomali yokhotayo pamwala umodziumodzi, nakhomeranso.

Anachoka masana omwewo ndi njinga, bulangete ndi bokosi lawo. Ine ndinalira mpaka mawu anatha. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti atsibweni ndiwo analanda njingayo m'manja mwa bambo n'kuwakankhira mpaka kumsewu.

A Feliya anasamukira m'nyumbamo kudzatilera, ndipo anatilera bwino. Bambo ankabwera mwezi ukatha, atanyamula shuga, sopo ndi makope. Ankaima pabwalo n'kunena kuti "Odi" pachitseko chimene anapala ndi manja awo. Tinkawayalira mphasa pakhonde, ine n'kugwada kuwapatsa moni ngati alendo, ndipo dzuwa likapendeka ankanyamuka. Palibe chimene chinkandipweteka ngati "odi" ameneyo. Anakwatiradi patapita zaka, monga atsibweni ankanenera, ndipo manda awo ali ku Milepa.

Masiku ano zinthu zasintha. Malata ali paliponse, ngakhale makola a nkhumba. Anyamata anachenjera, ambiri safuna kumanga kuchikamwini, amagula puloti kumsewu n'kulembetsa dzina lawo. Pawailesi amatiphunzitsa za wilu ndi chuma cha masiye, mawu amene amayi anafa asanawamve. Koma kusudzula kudakalipo, ndipo ine ndimakhalabe m'nyumba ija ndi amuna anga, amenenso ndi akamwini.

Chaka chatha nditadwala pang'ono, ndinapita ku boma kukalembetsa wilu yanga. Amene anandithandiza anandiuza zoona, kuti pepala likhoza kunena za nyumba ndi katundu, koma za malo a makolo mawu a abale amalemerabe. Ndiye ndinakapeza Yohane, amene tsopano ndiye mwini mbumba, tsibweni wa ana anga, ndi imvi zake zoyamba. Ndinamufunsa mosazungulira ngati adzawasudzule bambo a ana anga ine ndikadzatsogola.

Anapalapala nthaka ndi chala chakuphazi, kenaka anati, "Achemwali, inu bambo munakhala nawo m'nyumba, mukuwakumbukira. Ine ndinawadziwa ngati mlendo wa pakhonde. Alamu sadzachoka ine ndili moyo."

Anapita nane n'kukasaina ngati mboni. M'mudzi ena amati tinaphwanya mwambo, ndipo ine sindiwatsutsa, tinauphwanyadi.