Madontho Amene Ndinkakwirira ndi Mchenga

Khwerere! Umu ndi mmene giya inalirira m'mawa umenewo cha m'ma 6 koloko, pamene ndinkatulutsa galimoto pabwalo kwathu ku Lobi.

"Yatsokomolatu," anatero agogo ali pampando wakutsogolo, ndodo yawo ili pakati pa miyendo.

"Ndi kuzizira chabe," ndinayankha.

Agogo anga a Nangondo ndiwo anandilera makolo anga atamwalira ndili ndi zaka zinayi. Pa nthawi ya ulendowu maso awo onse anali atachita ng'ala, moti ankandizindikira ndi mgugu wa mapazi. Madokotala a maso ankabwera kuchipatala ku Dedza kwa tsiku limodzi lokha, ndipo kalata inati kulemba mayina kutha 11 koloko. Achibale anati agogo akwere minibasi, ine ndinakana. Ndinali nditagula galimoto imene inapangidwa ndisanayambe sukulu, ndipo ndinkafuna kuti maso akatseguka, chinthu choyamba kuona chikhale galimoto ya mdzukulu wawo.

Pali chimene sindinauze munthu. Kwa milungu itatu, m'mawa uliwonse ndinkapeza timadontho pansi pa galimotoyo. Maso ndili nawo ine, nyerere ikasintha njira ndimadziwa. Pakamwa ndi pamene pamandilemera. Kufunsa makaniko kunali ngati kulengeza kumsika kuti ndinagula chiphakasa. Choncho ndinkachita zimene timachita nkhuku ikaipitsa pakhonde: kuthirapo mchenga n'kusesa.

Pa Thete tinaima 7 koloko itangokwana. Ndinagula tchipisi cha K1,500 pachiwaya, agogo n'kudandaula kuti mbatata yomweyo kumunda kwawo amapatsa anthu ulele. Ponyamuka, chopondera cha kilatchi chinali chitafewa ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapopa kawiri, giya inalowa, ndipo ndinadziyamikira mumtima kuti ndayamba kuidziwa galimoto.

Pa Linthipe tinalowa msewu waukulu. Titayenda pang'ono, phiri la Chongoni likuoneka kumanzere, tinapeza lole ya kabichi ikukwawa pachitunda. Ndinaponda kilatchi kuti ndibweze giya. Chopondera chinapita pansi n'kukhala komweko. Galimoto inadzikoka mpaka m'mbali mwa msewu, ine n'kuzimitsa. Nthawi inali hafu pasiti 8.

Ndinatsegula boneti n'kuyang'anamo mwaulemu, monga mmene munthu amaonera nkhope pamaliro. Maminibasi atatu anadutsa atadzaza mpaka pakhomo. Wachinayi anali ndi malo, koma ndinakweza dzanja theka lokha, kondakitala n'kuyesa ndikumupatsa moni. Anandibwezera.

"Bambo inu, mwaima ngati mtengo wa magetsi, simukuitana anthu bwanji?" anafunsa mayi wina amene ankatsika kuphiri atasenza nkhuni. Nditamufotokozera, anatula mtolo, n'kuika manja pakamwa, n'kukuwira kutsidya la dambo kumene kunkalira chigayo: "A Zuze eee! Kuno kwafa galimotooo!"

A Zuze anafika pa njinga 9 koloko itadutsa, chitini cha masipanala atachimanga kumbuyo. Anali bambo wa imvi, wokonza zigayo ndi magalimoto a mbatata. Anapereka moni kwa agogo atavula chipewa, kenako anatsegula kabotolo ka mafuta a kilatchi pafupi ndi buleki. Munali mouma.

"Achimwene, kilatchi iyi simayenda ndi waya, imayenda ndi mafuta," anatero. "Mukaponda, kapampu kam'mwambaka kamakankha mafuta, mafuta n'kukakankha kanzake ka pansi. Tione amene wakodza ndani."

Anapapasa pamphasa pansi pa chopondera, panali pouma. "Wam'mwamba alibe mlandu." Analowa kunsi kwa galimoto chagada, n'kutulutsa dzanja lonyowa. "Ndi wapansiyu, labala yake yang'ambika. Koma izi sizinayambe lero. Simunkaona madontho?"

"Ndinkawaona."

"Ndiye munkatani?"

"Ndinkathira mchenga."

Miyendo ya a Zuze inayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye chifukwa chake pabwalo pamasesedwa tsiku ndi tsiku!" anatero agogo. "Ine ndimati mwana wayamba kufuna banja."

A Zuze anakhuthula chitini n'kupeza labala yolingana, yochokera m'galimoto ina imene inafa kale. Anaiika, n'kuthira mafuta a buleki, omwenso amayendetsa kilatchi, amene anali nawo theka la botolo. Kenako anandilangiza: "Mwalowa mpweya, tiutulutse. Mupope katatu, kachitatu mugwire pansi, munene kuti, ‘Ndagwira!’ Ine ndimasula kanati, mpweya utuluka, ndimanganso. Musasiye ndisananene, mukasiya imeza mpweya wina."

Ndinapopa, ndinagwira, ndinanena. Kapena ndinene kuti milomo inayenda. A Zuze anadikira osamva kanthu, n'kumasula mongoyerekeza, pamene ine, poganiza kuti zatheka, ndinali ndikukweza phazi. Fyoo! Inameza. Kachiwiri kunadutsa lole, mawu anga n'kupita nayo. Inamezanso.

"Mafuta atsala pang'ono," anatero a Zuze, kuseka kutatha. "Akatha awa, ena ndi ku Linthipe."

Nthawi inali 10 koloko. Agogo anatembenuzira kwa ine maso awo otuwa aja.

"Iwe Fabiano, ndakulera zaka makumi atatu osamva mawu ako. Anthu amati ndi ulemu, ine n'kumavomera. Lero ulemu wakowo undisiya mumdima. Kuwa!"

Ndinapopa katatu. "NDAGWIRAAA!"

Mbuzi zimene zinkadya m'mbali mwa msewu zinabalalika. Mayi wa nkhuni uja, amene anali atakhala pamtolo wake kuonerera, anaomba m'manja.

"Siyani!" anakuwa a Zuze. "Popaninso, a kwaya!"

Tinabwereza kanayi. Chopondera chinayamba kulimba, n'kumakankha phazi langa ngati chamoyo. Giya inalowa osalira. Ndinapatsa a Zuze K10,000, iwo n'kundiuza kuti ndikagule kapampu katsopano sabata isanathe, komanso kuti mchenga ndiusiyire omanga nyumba.

Tinafika kuchipatala patatsala mphindi khumi kuti 11 koloko ikwane. Namwino anali akusonkhanitsa mapepala, ndipo anthu ena anali atamuzungulira. Tsiku lina ndikanaima kumbuyo kwawo mpaka dzuwa kulowa. Koma kukhosi kunali kukadali kotsegula. "Amayi, kuno kuli a Nangondo a ku Lobi!" Khonde lonse linacheuka. Dzina linalembedwa.

Tikudikira pabenchi ndinaganiza za milungu itatu ija. Ndinkadziyesa munthu wosamala chifukwa ndimaona chilichonse. Koma galimoto inali itandiuza vuto lake m'mawa uliwonse, ine n'kumalisesa.

Namwino anabwera n'kuwagwira agogo pamkono. Agogo anaimirira, n'kupapasa mpaka kupeza dzanja langa, n'kuikamo ndodo yawo.

"Tenga. Ine ndikatuluka muno sindiifunanso. Ukaiike m'galimoto mwakomo, galimotoyo ndi imene yakalamba."

Analowa, chitseko n'kutsekeka.