Chaka chimene anachedwa kundimeta

Amuna anga anamwalira chimanga chikuyamba kuuma, m'zaka zija za chitaganya, pamene azungu analumikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri. Ndinali pachitengwa kufupi ndi Bowe. Kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, kuseri kwa Kasakula. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe anali atawatsekera kuboma chifukwa cha malimidwe, malamulo aja okakamiza a kalimidwe. Alangizi anapeza kuti m'munda mwathu mulibe migula imene boma linkalamula, iwo anayankha mokweza mawu, basi anawatenga. Anabwerako akutsokomola. Koma chifuwacho anali nacho kale, anachitenga kumigodi ku Joni ali mnyamata. Kundende chinangokula.

Tinkapemphera kumishoni, koma za kumeta sitinazisiye. Maliro akaikidwa amakumeta koyamba. Kenako tsitsi limasiyidwa mpaka chilimwe, pamene amafulula mowa n'kukumeta kachiwiri. Apo ndi pamene womwalira amakakhala pansi kwa makolo ake. Zisanachitike zimenezo amangoyendayenda, alibe pokhala. Ine ndinkazimva. Ndikamathirira ndiwo kudimba ndinkamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga, potembenuka n'kuona bango lokha. Ndinkangoyembekeza tsiku la lumo.

Chimera chinali chitayanikidwa kale pamene kunabwera amuna apanjinga, a bungwe la alimi a fodya amene ankakana chitaganya. Wowatsogolera anali telala wina wosokera pakhonde la sitolo ku Mponela. Sanalankhule ndi ine. Analankhula ndi alamu anga, akulu awo a malemu, ine nditakhala pansi chapatali. Anati kukubwera azungu akuluakulu ochokera kwawo kudzamva maganizo a anthu pa za chitaganya. Anati azungu a minda ikuluikulu ali ndi bungwe lawo ndipo amadya limodzi ndi akuluakulu a boma, amwenye a masitolo alinso ndi lawo, ndipo ife tikapita ndi pakamwa pokha alendowo adzabwerera atamva za eni minda basi.

“Mzungu kuti amve amafuna aone,” anatero telalayo. “Mayiwa musawamete kaye. Akaime pamaso pawo ndi nsalu yakudayo, ndi tsitsi lomwelo.”

Alamu anga anavomera. Sindiwaimba mlandu. Masiku amenewo kukana anthu apanjinga sikunali kwapafupi.

Kutsidya kwa dambo kunali mchikumbe, mmodzi mwa alimi amene boma linkawakonda ndi kuwathandiza chifukwa cholima monga linkafunira. Anali ndi ngolo ndi ng'ombe zolimira. Achikumbe nawonso anali ndi gulu lawo, ndipo ankakonzeka kukauza alendowo kuti malimidwe asathe. Atamva za ine anabwera kudimba masanasana, akazi awo atasenza dengu la mawere.

“Mayi, m'tsitsimo mukuwetamo nsabwe za atelala?” anatero akuseka. “Metani sabata ino. Mawere ndi awa, mbuzi ndipereka ine. Mnzanga uja akapume.”

Palibe munthu amene anandiuzapo mawu amene ndinkawafuna ngati amenewo. Ndinadziwanso kuti sankalira mnzawo, ankangofuna kuti atelala akasowe choonetsa. Ndinawapempha akazi awo kuti alisenze dengulo abwerere nalo, ndipo anabwerera nalo. Koma anthu anali ataliona kale panjira.

M'mawa mwake kuchitsime amayi anandifulatira nditafika. Mmodzi anafunsa mnzake, maso ali pa ine, ngati mowa wa mawere a chitaganya umakoma. Sipanapite nthawi, tinadzuka n'kupeza chigafa cha fodya cha mchikumbe uja chili phulusa lokha, ng'ombe imodzi ataitema miyendo. Tsiku lomwelo telala anadutsa pakhomo panga. Anandipatsa moni bwinobwino, kenako anayang'ana denga langa n'kunena kuti udzu wake wauma bwino chaka chino. Atapita ndinatulutsa mbewu ya mtedza ndi zofunda za ana n'kukazisiya kwa alongo awo a malemu, mayi wosalankhulalankhula amene ankakhala kumapeto kwa mudzi. Anazilandira n'kuzilowetsa m'nyumba.

Alendo aja sankafika. Ankati sabata yamawa, ikakwana n'kunenanso kuti sabata inayo. Chimera chinalowa anankafumbwe. Mitengo ya m'phiri inaphukira masamba ofiira, ndipo madzulo kunkaoneka mitambo cha ku Ntchisi. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikangogwa anthu onse amathamangira kumunda, palibe wofulula mowa wa maliro mpaka chilimwe china.

Apanjinga aja ankabwera kudzandiphunzitsa zokanena. Ndikanene kuti amuna anga anawatenga ali ndi mphamvu ngati nkhunzi, osadwalapo chibadwire. Nditatchula za chifuwa chakale chija, telala anagwedeza chala. “Za ku Joni zisiyeni ku Joni, mayi.” Ndinkabwereza mawu awowo pamaso pawo, koma ndikatsala ndekha ndinkachita mantha. Kunamizira munthu wamoyo ndi kwina. Uyu anali asanakhale pansi, ndipo ndinkakhulupirira kuti akumva.

Tsiku linafika. Anatikweza lole mpaka kuboma ku Dowa. Anandiuza kuti ndivule duku kuti tsitsi lioneke, ndipo anandiimika padzuwa kutsogolo kwa anthu onse. Tsitsilo linali litapotana ngati chisa, lofiira ndi fumbi. Pamthunzi panali magalimoto a azungu a minda. Iwo anali atalowa kale, ndipo mesenjala ankadutsa ndi makapu a tiyi. Anakhalamo mpaka dzuwa linafika pamutu, n'kutuluka akuseka ndi alendowo pakhomo. Analowa amwenye. Analowa achikumbe atavala majekete, ndipo wa kutsidya kwa dambo uja sanandiyang'ane. Itakwana nthawi yathu mesenjala anati alendo atopa, alowe munthu mmodzi yekha wodziwa Chizungu.

Analowa telala. Pawindo ndinamuona akuloza kunja. Nkhope yoyera yovala magalasi inasuzumira, inandiyang'ana monga amayang'anira mbuzi pamsika, n'kutembenuka. Zinathera pomwepo. Bodza lija sindinalinene, koma sindinganene kuti ndinalimba mtima. Palibe amene anandifunsa.

“Akuonani, mayi. Zayenda,” anatero telala potuluka.

Kaya zinayenda, ine sindidziwa. Patsogolo pake malimidwe anatha, chitaganya chinatha, ndipo ndamvapo anthu ambiri, aliyense akunena kuti anachigwetsa ndi a gulu lake.

Tili panjira, tisanafike ku Mponela, mphepo inasintha. Madontho oyamba anagwa akuluakulu pa chitsulo cha lole, kenako mvula inakhuthuka. Anthu anakondwa, ena akutambasula manja, fungo la dothi lili ponseponse. Ine madzi ankatsika m'tsitsi muja akuda bii n'kulowa m'maso. Alamu anga anasendera pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti mawa aliyense akukadzala, ndipirire, tidzameta chaka chamawa.

Kutacha, ndikutulutsa khasu, ndinapeza alongo awo a malemu ataima kuseri kwa nkhokwe. M'dzanja limodzi anali ndi lumo, lina chikho cha thobwa.

“Khalani pansi, alamu. Mlongo wanga wayenda mokwanira.”

Ndinawakumbutsa kuti palibe mowa, palibe anthu, ndipo akulu sanalole. Anangondigwira paphewa n'kundikhazika pamtondo wogwetsa. Lumo linali lobuntha, linandicheka kuseri kwa khutu. Tsitsi analikulunga m'tsamba la nthochi n'kulikwirira m'dothi lonyowa. Thobwa analithira pansi, akutchula mlongo wawo ndi dzina lake la ubwana, kumuuza kuti apite kwa amayi awo, kuno kwatha.

Ndinawafunsa ngati kumeta kotere kumawerengedwa.

“Sindidziwa,” anatero, akupukuta lumo pa nsalu yawo. “Valani duku, apanjinga asaone msanga.”

Anandibwezera mbewu yanga ya mtedza. Munda wa mtedzawo unali m'mphepete mwa dimba, pafupi ndi bango lija. Ndinadzala tsiku lonse mutu ukuzizira m'kati mwa duku, ndipo sindinatembenuke ngakhale kamodzi.