Maliro Asakane Panjira

Ndinadzuka tambala asanalire, mbali yomwe ndinagonera itachita dzanzi. Amuna tinagona panja pansi pa tenti, ndipo moto unali utasanduka phulusa. M'nyumba amayi anali atasiya kuimba. Tsikulo tinkaika alamu anga a Tembo, amuna a mlongo wanga Esnati. Chitsekedwereni kampani yomwe ankagwirako, ine ndi iwo tinkakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Matero kuno.

Asanamwalire ananenetsa kuti adzapite kumanda pa vaneti yawo, chigalimoto chomwe anachigula chitatopa kale. Mbandakuchawo nditagwada kuisuzumira, ndinapeza dothi lanyowa pansi pa injini. Madzi ankadontha pa gasiketi, kanthu kopyapyala kotseka mpata pomwe paipi ya madzi imakumana ndi injini. Injini yotaya madzi imatentha n'kuzima yokha.

Galimoto siyomwe ndinkaopa ayi. Dzulo lake azakhali a malemu, ochokera ku Katete, anamuyang'ana Esnati nati, "Tiona mawa. Ngati pali dzanja la munthu, maliro akana kuyenda." Galimoto ya maliro ikaima yokha, anthu safunsa za injini. Amati wakufayo akuloza amene anamudya, ndipo maso onse amagwera mkazi wamasiye. Ndinaonapo ku komboni ya George mayi wina akukokedwa pagulu chifukwa cha zomwezi, ndipo anamulanda nyumba mpaka mapoto. Chonsecho Esnati anadwazika mwamuna wake miyezi isanu ndi itatu, achibale olusawo osaonekako ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zimenezo gasiketi yatsopano inali yosowa, ndipo sitolo zinali zisanatsegulidwe. Alamu anandiphunzitsa kudula yanga: umaika katoni pachitsulo n'kumagogoda m'mbali ndi kanyundo mpaka itadulika yokha. Koma makatoni onse pakhomopo anthu anali atagonera. M'galimoto ndinapezamo buku lawo la nyimbo. Ndinathothola chikuto chake ndikupepesa chamumtima, n'kuyamba kugogoda pang'onopang'ono kuti ndisadzutse anthu. Ndinapaka girisi, ndinamanga mabauti. Kudontha kunachepa, koma sikunathe.

Kutacha amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, nyemba ndi kabichi zikuwira m'madiramu oduka pakati. Anthu anayamba kufika, a mpingo atavala zoyera, a kumsika, oyendetsa maminibasi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo pomwe tinkachoka ku mochale ndi bokosi dzuwa linali litalusa kale. M'tchalitchi sindinamve ngakhale liwu limodzi la ulaliki. Ndinangotuluka n'kukadzaza madzi.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda a ku Chingwere, ine patsogolo ndi vaneti, malole awiri pambuyo. Azakhali anakhala kumbuyo pambali pa bokosi, Esnati moyang'anana nawo atawerama. Maliro sathamanga nawo, ndipo kuyenda pang'onopang'ono ndi kumene kumapsereza injini. Kasingano koonetsa kutentha kanayamba kukwera. Ndinkakayang'ana kuposa msewu. Kenaka ndinamva kafungo ka nthunzi, ndipo ndinadziwa kuti kumanda sitifika.

Pamenepo ndinakhotera kumtengo wathu wa mango, womwe unali pafupi, n'kuima injini ikulirabe. Nyimbo zinadukiza. Azakhali anaimirira.

"Yaimiranji?"

"Siinaime, amama, naimika ndine," ndinatero. "Ba mulamu alaileko ku nchito kwao, atsazikeko."

Amakaniko anzathu anatsika m'lole. Wina wachikulire, wa ndevu zoyera, anaona kanthunzi kakutuluka pansi pa boneti, n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Anavula chipewa nakweza mawu: "Ise ba makaniko mwambo wathu ni uyu. Motoka ya munzathu timaimwesa manzi tikalibe kumushika kumanda."

Mwambo wotero kulibe, ndipo sunakhalepo. Koma amuna aja anazungulira boneti phewa ndi phewa, nayambitsa nyimbo, amayi n'kuyankha. Mkati mwa bwalolo mkulu uja anatsegula chivindikiro cha pothirira madzi ndi chiguduli chonyowa. Nthunzi inamuwotcha dzanja koma sanadandaule, anangopitiriza kuimba. Aliyense anathirako madzi mwaulemu, mmodzimmodzi, mpaka kasingano kanatsika. Ndinaona azakhali akupukuta misozi, akugwedeza mutu movomereza.

Tinafika kumanda injini isanazime. Fumbi linali tolotolo, ndipo panali maliro ena ambiri, nyimbo zikusokonezana. Bokosi litatsitsidwa ndinangokhala pansi. Anthu anaganiza kuti ndi chisoni, ndipo theka lake chinalidi chisoni.

Madzulo anthu anabalalika. Tenti anaitsitsa, madiramu anawagadamiza, azakhali anapita kukagona kwa mwana wawo ku Chawama osanenanso za dzanja la munthu. Ndinamupeza Esnati atakhala pamphasa m'chipinda chochezera, momwe munalibe mipando.

"Uniuze zoona," anatero osandiyang'ana. "Pa mango paja anali kunikana?"

Mpaka nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti nayenso ankaopa. Anati kusanache anamva kanyundo panja, go, go, go, ndendende momwe amuna ake ankagogodera, ndipo anakhulupirira kuti abwera kudzamuimba mlandu pa masiku omwe anatopa nawo n'kuwakalipira pamphasa.

Ndinatulutsa buku la nyimbo lija, pamodzi ndi chotsala cha chikuto chokhala ndi bowo, n'kumuikira pamiyendo. Ndinamufotokozera zonse, za gasiketi, za madzi, za mwambo wabodza. Anapisa chala m'bowomo.

"Kansi unali iwe," anatero. "Ugogoda monga beve."

Ndipo analira, kulira komwe sanalire kumanda, buku lopanda chikuto atalikumbatira pachifuwa.