Dzinja Limene Ndinali Wosayankhula

Pa nthambi ya mkuyu umene unali pabwalo la sukulu yathu ankamangirirapo khasu lakutha, lopanda mpini. Ndilo linali belu lathu. Linali litadyeka mbali imodzi chifukwa cha miyala ya m'munda, ndipo ukalimenya ndi kachitsulo kamene kankakhala pamphanda ya mtengowo, kulira kwake kunkalowa mpaka m'mano. M'manja munkatsala fungo la dzimbiri tsiku lonse. Kwa dzinja lathunthu amene ankaliza khasulo ndinali ine, ndipo anandipatsa ntchitoyo chifukwa ndinali mwana wosayankhula.

Sindinabadwe choncho ayi. Kwathu kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'dziko la Apwitikizi, amayi ankati pakamwa panga panali ngati pa mpheta. Koma m'mawa wina asilikali anafika m'mudzi kudzagwira amuna oti akagwire ntchito yokakamiza. Ine ndi amayi tinali m'munda wa nandolo. Amayi anandigwetsa pansi, nandiphimba pakamwa ndi dzanja lonunkha dothi, nandinong'oneza m'Chilomwe kuti, "Usatulutse mawu mpaka ndikuuze." Pakati pa mitengo ya nandolo ndinaona abambo akudutsa, chingwe chili m'chiuno, amuna ena patsogolo, ena pambuyo. Sanatione.

Patapita masiku ochepa tinanyamuka anthu atatu: amayi, amalume ndi ine. Zaka zanga sindizidziwa, koma mano anga akutsogolo anali atangoguluka. Tinaoloka Ruo madzi akulekeza m'mawondo, chifukwa mvula inali isanayambe, ndipo tinadzakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pa malo a mzungu wina amene ankazula khofi n'kumabzala tiyi. Amalume ankagwira thangata kumeneko kuti atilole kukhala. Anamanga kanyumba ka mitengo ndi udzu pamodzi ndi Alomwe ena amene anafika chaka chomwecho.

Amayi anafika ndi thupi lokha. Ankakhala pakhomo, miyendo atatambasula, osapeta, osasinja, mpaka amalume atawakumbutsa kuti mwana sanadye. Za ine anthu ankati ndalodzedwa. Amalume anandipititsa kwa sing'anga, ndipo mphini zake ndikadali nazo pakhosi apa. Sizinathandize. Palibe amene anandifunsa chifukwa, ndipo akanandifunsa sindikanayankha.

Mvula yoyamba itagwa, mitsinje itayamba kuoneka yoyera pa matanthwe a phiri, aphunzitsi anabwera kudzayenda m'nyumba zathu kufuna ana. Anali Mmang'anja, wamfupi, wa mapazi osavala, ndi jekete yoyera imene manja ake ankawapitirira zala. Ankayenda ndi ambulera imene azungu a mishoni anawapatsa, koma ankaitsegula pokhapokha mabuku akafuna kunyowa. Mutu wawo ukanyowa analibe nazo kanthu. Amalume, amene anali atatolako Chinyanja kuntchito, anawauza kuti uyu musavutike naye, sayankhula. Aphunzitsi anandiyang'ana, ine nditabisala kuseri kwa mtondo.

"Makutu ali nawo?" anafunsa. Amalume anavomera. "Ndiye abwere nawo makutuwo."

Sukulu inali chisakasa cha udzu, chopanda makoma mbali ziwiri. Tinkakhala pa zipika. Masileti analipo ochepa, a ana akuluakulu, enafe tinkalemba ndi chala pa mchenga umene aphunzitsi ankatituma kukatapa kumtsinje. Tinkayamba ndi pemphero ndi nyimbo, kenaka zilembo, kenaka masamu. Ine ndinkangomva phokoso, pakuti Chinyanja chinali chisanalowe m'mutu mwanga. Ana a eni dziko ankatitchula kuti Anguru, n'kumatiyeserera mayankhulidwe. Mtsikana wina ankanditsina pantchafu mwakabisira kuti aone ngati ndingakuwe. Ndinkangotuluka misozi basi.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo aphunzitsiwo. Anali ndi kamkwapulo kawo ka nsungwi, ndipo wochedwa ankakalawa. Koma mtsikana wotsina uja sanamukwapule. Anangondisamutsa n'kundikhazika pa chipika chapafupi ndi phazi lawo, ndipo m'mawa mwake anandigwira dzanja kupita nane pansi pa mkuyu, nandipatsa kachitsulo kaja. Ana onse akuona, anati, "Kuyambira lero, uyu ndiye azitiitana tonse." Ndinamenya pang'ono, mwamantha. Anandikodola kuti ndionjeze. Ndinamenya mpaka akhwangwala anabalalika mumtengo. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka mame asanaume, kuthamanga m'kanjira ka udzu wonyowa kuti wina asandilande ntchito yanga. Mwana amene sankatha kunena ngakhale dzina lake ndiye ankatulutsa anyamata akuluakulu m'nyumba za amayi awo.

Tsiku lina nthawi yopuma anyamata anatola chingwe cha mbuzi nayamba masewera. Awiri anali asilikali, enawo anamangidwa m'chiuno n'kumayenda mondondozana, akuseka. Sindikumbukira kuti ndinathamanga bwanji. Ndimangokumbukira kuti ndinapezeka ndagona chafufumimba m'munda wa chimanga kuseri kwa sukulu, nsalu yanga itanyowa, osati ndi mvula. Aphunzitsi anandipeza. Sanandidzutse. Anakhala pansi pamzere, jekete yoyera ija ili pamatope, nayamba kuzula udzu pakati pa chimanga ngati ndicho anadzera. Anazula mzere wonse. Nditadzuka ndekha, anaitana mtsikana wamkulu kuti andiperekeze kumtsinje, ndipo chingwe chija sichinaonekenso pabwalo la sukulu.

Sabata yomweyo akazi a aphunzitsi anayamba kubwera kwathu. Anali mayi wamtali, woseka mokweza, amene Chilomwe sankadziwa ngakhale liwu limodzi, monganso amayi sankadziwa Chinyanja. Ankabwera ndi lichero la mtedza wosasenda, kukhala pansi pafupi ndi amayi, n'kuyamba kusenda. Ulendo woyamba amayi anangoyang'ana. Wachiwiri dzanja lawo linalowa m'lichero. Ndinkawaonerera ndili pamwala, akazi awiri osamvana chinenero, makoko a mtedza akuunjikana pakati pawo, wina akulankhula yekha za nkhuku zake, wina ali duu. Pochoka ankasiya theka la mtedzawo, ponena ndi manja kuti lichero lalemera. Lero ndikudziwa kuti mtedza wa banja limodzi sungafune masabata asanu kuusenda.

Kenaka Lamulungu lina masana, atatuluka m'mapemphero, aphunzitsi anabwera pamodzi ndi akazi awo. Amalume anayala mphasa, nakhala womasulira. Anayamba ndi za mvula, za mbewu, za anyani amene ankatsika m'phiri kudzaba chimanga. Pambuyo pake aphunzitsi anafotokoza za chingwe chija, ndipo anafunsa mwaulemu ngati amayi angakumbukire tsiku limene mwanayu anayankhula komaliza, ndi mawu amene anamva tsikulo.

Amayi anayang'ana mphasa. Kenaka ndinaona dzanja lawo likukwera pang'onopang'ono mpaka kuphimba pakamwa pawo. Anatulutsa kamawu kamene sindinakamvepo kwa munthu wamkulu. Akazi a aphunzitsi anawagwira paphewa.

Alendo atapita, amayi anandikokera kuseri kwa nyumba, nagwada kuti maso athu alingane. "Mwana wanga, ndinaiwala kukuuza," anatero. "Asilikali aja apita. Yankhula tsopano."

Ndikanakonda kunena kuti ndinayankhula pomwepo. Ndinatsegula pakamwa, koma njira ya mawu inali itamera thengo. Amayi analira, ine ndinalira, ndipo kunja kunada mawu asanabwere. Panapita sabata, panapita mwezi. Amalume mtima unawathera. Kapitawo wa kumunda wa tiyi ankafuna ana ozula udzu m'nazale, ndipo amalume anati kuli bwino ndizipita kumeneko, ndizibwerako ndi kamchere, kusiyana n'kumakamenya khasu pamtengo ngati wamisala. Sindiwaimba mlandu. Msana wawo wokha ndiwo unkatidyetsa tonse atatu. Aphunzitsi anakawapeza panjira akuchokera kuntchito, nawapempha kuti adikire kufikira chimanga chitacha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene," anatero. Amalume anabwera nawo mawuwo kunyumba akung'ung'udza, ati nkhono sigwira thangata. Koma anandisiya.

Pa kukumana kumeneko aphunzitsi anapemphanso chinthu china: kuti amalume aziwaphunzitsa Chilomwe. Madzulo ena dzuwa lisanalowe ankakhala pa chitsa pakhomo pathu, kuloza ichi ndi icho, n'kumalemba m'kabuku. Ndipo zimene aphunzira ankabwera nazo kusukulu. Ankati akalemba liwu la Chinyanja, ankafunsa ana a Chilomwe kuti kwanu mumati chiyani, iwo n'kubwereza, lilime likuwapota, ana onse n'kufa nako kuseka. Anali oyamba kudziseka. Posakhalitsa ana a eni dziko anayamba kupikisana kuti ndani atchule bwino kuposa aphunzitsi, ndipo dzina lija la Anguru linayamba kumveka mwa apo ndi apo. Amene tinkakhala kumapeto kwa zipika tinasanduka odziwa kanthu.

Tsiku limene ndinayankhula kunagwa mvula yamphamvu, ija yotsika m'phiri ngati khoma loyera. Udzu wa padenga unkadontha, tinali titaunjikana pakati, fungo la nsalu zonyowa ndi utsi lili thoo. Mbuzi ya munthu wina inalowa kudzausa, n'kuyamba kunyambita mchenga wathu wolembapo. Aphunzitsi anatambasula dzanja, nafuula monyadira Chilomwe chawo, "Tulutsani epula iyi!"

Epula ndi mvula. Mbuzi ndi epuri. Ana ena a Chilomwe anali asanayambe n'kuseka komwe pamene ndinamva liwu lokhakhala, ngati la chule wa m'chilimwe, likuti, "Epuri." Ndinatembenuka kuti ndione amene wanena. Onse ankayang'ana ine.

Aphunzitsi sanaombe m'manja. Sanakweze maso kumwamba, sanaitane ana kuti ayimbe nyimbo yothokoza. Anangoti, "Zikomo, mwanawe. Epuri," natulutsa mbuziyo okha, n'kubwerera ku masamu. Ndikukumbukira kuti anatifunsa samu imene tinali titaiyankha kale. Ngati analakwitsa dala liwu lija kapena ayi, sindinawafunse, ndipo tsopano palibe wofunsa. Koma ndalera ana asanu ndi mmodzi ndi zidzukulu, ndipo ndikudziwa kuti akanachita phokoso tsiku limenelo, ine ndikanabwerera m'chigoba changa.

Kunyumba sindinanene kanthu masiku awiri. Lachitatu lake amayi akuchokera kumtsinje, mtsuko uli pamutu, ndinati, "Maahi," ndiko kuti madzi. Anatula mtsukowo bwinobwino, natunga chikho, nandipatsa. Nditamwa anati sanamve bwino, ndinenenso. Ndinanenanso, natunganso. Ndinamwa zikho zinayi tsiku limenelo mpaka mimba inati ndendende, amayi akuseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

Masabata otsala a dzinja limenelo ndimawakumbukira ngati nthawi yokoma kuposa zonse za ubwana wanga. Mawu anabwerera onse pamodzi, a Chilomwe ndi a Chinyanja osakanikirana. Tinkatola bowa m'mphepete mwa nkhalango, tinkagwira ngumbi, tinkaotcha chimanga chachiwisi pa moto wa alonda a anyani. Mtsikana wonditsina uja anakhala mnzanga wa pamtima, ndipo ndiye anadzandigwirira mwana wanga woyamba pa ubatizo. Chimanga chisanaume, aphunzitsi anandikwapula kawiri m'manja chifukwa cholongolola nthawi ya pemphero. Amalume atamva anaseka mpaka kutsokomola, nati akawauze aphunzitsiwo kuti nkhono ija yatulutsa maso mopitirira.

Amayi nawo anayamba kupita pansi pa mkuyu masana ena, kumene akazi a aphunzitsi ankaphunzitsa azimayi kusoka. Mapemphero sankalowa, ankaima panja, ndipo palibe anawakakamiza. Anameta tsitsi, anayamba kusinja m'mawa, ndipo nthawi zina ndinkawamva akung'ung'uza nyimbo ya kusukulu imene mawu ake sankawadziwa. Za abambo sitinamve kanthu, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Mvula ikupita kumapeto, amayi anabwera kuchokera kwa aphunzitsi atasenza ana a nthochi atatu, mizu yake yokulungidwa m'masamba. Anapita nawo kuseri kwa nyumba, kumene madzi a padenga ankagwera, nayamba kukumba. Ndinawafunsa kuti nthochizo tidzadya liti. Anati chaka chamawa, kapena chinacho. Ine ndinayamba kuvina pozungulira dzenje, ndikuwerenga m'Chinyanja mikoko imene ndidzadye ndekha. Amalume anatuluka m'nyumba, naima, nayang'ana mbewuzo, nayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali. Kenaka anawalanda khasu osanena kanthu, nakumba okha maenje onse atatu, akuya kuposa mmene nthochi imafunira. Amayi anakhala pambali, manja ali pamiyendo.

Ndinadabwa kuti anthu akuluakulu angakhale chete chotero pa tsiku labwino ngati limenelo, ndipo ndinaganiza kuti mwina amalume sakonda nthochi. Sindinkadziwa kuti mkazi amene akuyembekezabe kubwerera kwawo, kapena kudzatengedwa ndi mwamuna wake, sabzala mbewu yodya chaka chinacho.