Phala Limene Ndinawadyetsa

Linali Lachitatu, teni koloko m'mawa, sabata yachitatu chibwerereni amuna anga ku Joni. Tinali pakhonde kwathu kwa Mpama, tikumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Iwo anameza kachidutswa kamodzi, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono, kenako anangoti duu kuyang'ana mtengo wa mapeyala. Ndinawaitana kawiri. Maso anali otsegula, koma munalibe munthu. Nkhuku inafika n'kuyamba kujompha chinangwa chimene chinali m'dzanja lawo, iwo osaithamangitsa.

Patapita kanthawi anaphethira.

"Amayi, mwasiya chiyani pamoto? Kukununkha kupserera."

Ndinapita kukhitchini. Moto unali utazima kale, phulusa lili lozizira.

Amuna anga anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Namadzi. Kwa zaka zambiri mtima wawo sunkagunda ngati wa anthu ena. Unkathamanga, n'kuima, n'kuyambanso, ngati makina amene akudumpha ulusi. Mapiritsi anamwa mpaka kutopa nawo. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Joni, ndi amene anawaitanitsa kuti akaonane ndi madokotala a mtima kumeneko. Ine ndinatsala ndi munda.

Atabwerako anandifotokozera mmene anawachitira. Akuti analowetsa kawaya kopyapyala mumtsempha wa pamwamba pa ntchafu, n'kukayendetsa mpaka kumtima, ndipo ndi kawayako anawotcha timalo tating'ono timene tinkasokoneza kagundidwe. Pachifuwa panalibe bala lililonse. Mlamu wanga, mlongo wawo, atabwera kudzawaona anawavula shati yekha.

"Achimwene, musatinamize. Opaleshoni yanji yopanda bala? Mwangokadya nkhuku za ku Joni inu!"

"Bala lilipo," iwo anatero, "koma lili pamalo poti mlongo sangaone."

Tinaseka mpaka misozi.

Mwana wathu anandiphunzitsa pafoni kuika zala ziwiri pamkono pawo, m'mawa ndi madzulo. Anati, "Amama, ukayambanso kudumphadumpha, musadikire, thamangani nawo kuchipatala." Ndinkachita zimenezo tsiku lililonse. Mtima unkagunda mofanana, osaphonya. Ndinkayenera kusangalala, ndipo ndinkasangalaladi, koma sindinauzolowere. Zaka zonsezo ndinkadziwa mtima wopunduka uja. Uwu unkamveka ngati mlendo wovala nsapato akuyenda m'nyumba mwanga.

Ndiye Lachitatu lija nditabwerako kukhitchini ndinawagwira pamkono. Unkagunda bwinobwino. Ndinati mumtima mwanga, vuto si mtima.

Pofika madzulo thupi linatentha, akunjenjemera ngakhale nditawafunditsa mabulangete awiri. Lachinayi tinakwera njinga yamoto kupita kuchipatala chaching'ono. Anawayeza magazi, malungo sanawapeze. Anatifunsa ngati ali ndi matenda ena, ndipo tonse awiri tinayankha kuti unali mtima, koma anakonza kale. Za kawaya sitinanene. Kalata ya Chingerezi imene anabwera nayo ku Joni inatsala m'sutikesi, chifukwa tinkati ndi ya mtima, ndipo mtima unali bwino. Anatipatsa mankhwala, n'kunena kuti tibwerenso ngati sizisintha.

Kunyumba anayamba kukana chakudya. Ankati akameza, pakati pa chifuwa pamakhala ngati pali khala la moto.

Kwathu kuno wodwala akakana kudya, mlandu umakhala wa mkazi. Anthu odzazonda matenda safunsa kaye kuti mwadzuka bwanji. Amayang'ana iwe n'kufunsa kuti, "Adya?" Ine ndinakula ndikudziwa kuti wodwala akadya ndiye kuti achira. Ndinaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, ndinathira nsinjiro ndi shuga, n'kukhala pamphasa pafupi nawo.

"Kamodzi kokha, abambo."

"Mukundidyetsa ngati mwana wa kusikelo."

"Mwana wa kusikelo savuta chonchi. Yasamulani."

Anameza masipuni atatu. Pasanapite nthawi nzeru zinawachokeranso, ngati dzulo lake. Maso otsegula, milomo ili yasa. Ndinawagwira pamkono. Unkagunda bwinobwino.

Lachisanu zinachitika katatu, ndipo nthawi iliyonse anali atangodya kumene. Ndinaziona zimenezo, koma ndinkaganiza kuti ndi kufooka, kuti phala lachepa. Masana anachedwa kwambiri kubwerera. Phazi lawo lamanja linayamba kupondaponda pamphasa ngati ali pamakina, zala zikukankha nsalu imene panalibe. Dzuwa linali likuwala bwino panja, ana a oyandikana nawo akusewera fulaye, ine ndili ndi mbale m'manja kuonera munthu akusoka mphepo. Atabwerera anandilankhula m'Chilomwe, chimene anasiya kulankhula kuyambira pamene amayi awo anamwalira. Kenako anabwerera ku Chinyanja.

"Amayi, musandipatsenso. Mukandipatsa phala ndimapita kwinakwake. Kuli zii kumeneko."

Mlamu anali pakhomo ndi amayi awiri a kutchalitchi. Onse anamva. Ine ndinati, "Mukufuna anthu adzanene kuti ndinakuphani ndi njala?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayasamula. Ndinawapatsa masipuni anayi.

Loweruka m'mawa kamwa inali itapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende. Ndinaimbira mwana wathu. Nditatchula za kutentha thupi ndi za kumeza, anakuwa pafoni. Anati zimenezo zinalembedwa m'kalata muja, ndipo dokotala wa ku Joni anazinena, koma iye mwanayo anagwira za kugunda kwa mtima zokha poti ndizo zinawapititsa kumeneko. Anati titenge kalatayo tipite kuchipatala chachikulu m'tauni, osaima pena paliponse.

Tinapeza galimoto. Ndinatenga kalata, zitenje, beseni, ndi fulasiki ya phala.

Dokotala amene anatilandira anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wanga. Anawerenga kalata ija, n'kuibwerezanso. Kenako anayang'ana fulasiki imene inali pamiyendo panga.

"Amayi, adya liti komaliza?"

Ndinayankha mosangalala, chifukwa ndinkaona ngati ndi funso limene ndikhoza bwino. "Tili m'galimoto, adokotala. Masipuni asanu."

Iwo anatenga fulasiki ija n'kuiika pansi, kuseri kwa mpando wawo.

Atawajambula pachifuwa, dokotala anandiitanira m'kachipinda n'kundijambulira papepala. Anati njira imene chakudya chimadutsa imatsika kuseri kwa mtima, ndipo ziwirizi zimagundana. Moto wa kawaya kaja unapitirira pang'ono n'kupsereza njirayo. Pamalo popsapo panakhala chilonda chimene chinkadya mkati mwakachetechete kwa masabata, mpaka panabooka. Tsopano akameza, mpweya ndi tizidutswa ta chakudya zinkalowa mumtima, magazi n'kuzitengera kumutu. Anati zimenezi zimachitikira anthu ochepa kwambiri, ndipo iwo anali asanazionepo ndi maso.

"Musawapatsenso kanthu kukamwa. Ngakhale dontho la madzi."

Ndinati, "Koma mtima ukugunda bwino."

"Eya, ukugunda bwino," anatero. "Umenewo anaukonzadi."

Anawaika diripi ndi mankhwala amphamvu olowa mumtsempha. Madokotala anaimba mafoni ambiri. Panafunika opaleshoni yaikulu yotseka bowolo, ndipo amuna anga analibe mphamvu zoti n'kunyamulidwa kupita kumene ingachitike.

Anakhala masiku awiri. Milomo inauma n'kusweka, ine ndinkangoipukuta ndi kansalu konyowa. Belu la chakudya likalira, magadiyani anzanga onse ankadzuka ndi mbale zawo, ine n'kutsala nditakhala. Ndinkamva akunong'onezana kuti mayi uyo sadyetsa mwamuna wake. Mayi wina wachisilamu wa bedi loyandikana, munthu wabwino, anabwera ndi kapu ya thobwa atabisa m'mpango.

"Achemwali, apatseni pang'ono anamwino asanabwere. Munthu sachira ndi madzi a m'botolo."

Ndinamuthokoza, n'kumwa ndekha.

Lolemba masana zala zanga zinali pamkono pawo. Unkagunda mofanana, osathamanga, osaphonya. Ndinali ndikuyembekeza kugunda kotsatira, ndipo sikunabwere.

Tisananyamuke ndi thupi ndinamufunafuna dokotala uja mpaka ndinamupeza pakhonde la wodi. Ndinamufunsa ngati linali phala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti phala silinaboole, bowo linayamba lokha, ndiponso kuti ambiri amene zawachitikira sapulumuka ngakhale atafika msanga. Ndinadikira kuti anene kuti phalalo silinawapweteke. Sananene.

Pamaliro mlamu anaimirira pakati pa amayi n'kundiyamikira. Anati, "Mlamu wangayu anayesetsa. Achimwene ankakana, koma iye anawadyetsa mpaka tsiku lopita kuchipatala." Amayi onse anavomera. Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo anayesa kuti ndi manyazi a munthu woyamikiridwa.

Mwana wanga akufuna ndipite ku Joni ndikakhale naye, koma ndakana. Ndimalima nandolo wanga. M'mudzi muno wina akadwala ndimapitako ndithu. Ndimatunga madzi, ndimachapa zofunda, ndimafunsa ngati ali ndi mapepala a kuchipatala ndipo ndimawauza kuti awatenge onse. Ikafika nthawi ya phala, ndimapereka sipuni kwa wina n'kutuluka panja.